Zodzola ndi Malangizo a Kukongola: Zothandiza N'ziti, Zowononga N'ziti?

Amayi anzanga, malangizo a kasamalidwe ka khungu sasowa. Timawamva ku saluni, pa mjigo, mu minibasi, komanso kwa ana athu amene amawatola pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wina akuti pakani ndimu kumaso kuti mawanga athe. Wina akuti mankhwala otsukira mano amaphwetsa chiphuphu usiku umodzi. Wina wanyamula timabotolo topanda dzina m'chikwama, akuti pakatha masabata awiri mukhala mutayera. Kufuna kuoneka bwino si kulakwa, ndipo tonse timakondwa tikatuluka m'nyumba titasamba n'kudzola bwino. Koma malangizo amenewa sali ofanana. Ena ndi othandizadi, ena amangotha ndalama, ndipo ena amasiya zipsera za moyo wonse, mwinanso kuwononga impso kapena mwana amene ali m'mimba. Tiyeni tiwaone bwino limodzi ndi limodzi.

Khungu limagwira ntchito yanji?

Khungu la munthu wamkulu, mutati mulitambasule, lingatsale pang'ono kufanana ndi chitenje cha mamita 2. Ntchito yake yaikulu ndi kutchinga: limasunga madzi m'thupi ndipo limaletsa tizirombo kulowa. Pamwamba pake pali kagawo kopyapyala ka maselo olumikizidwa ndi mafuta achilengedwe, ngati njerwa zomangidwa ndi dothi. Mafutawo akachoka, madzi amathawa, khungu limatuwa, limayabwa ndipo limang'aluka.

Maselo atsopano amapangidwa pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo ulendowu umatenga pafupifupi mwezi wathunthu. N'chifukwa chake chodzola chilichonse chabwino chimafuna masabata angapo kuti muone kusintha. Chimene chikusintha nkhope yanu m'masiku atatu muzichikayikira.

Mtundu wa khungu umachokera ku chinthu chotchedwa melanin. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, ndipo iyeyu amateteza ku mphamvu ya dzuwa. Ndiye chifukwa chake ife timachedwa kuchita makwinya, ndipo khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa siichuluka pakati pathu. Koma pali chinthu chimodzi choti muchigwire: khungu lakuda likapsa, likakandidwa kapena likatupa, limachira posiya banga lakuda. Choncho chilichonse chimene chikuwawa kapena kuotcha pakhungu, ngakhale achitame bwanji, chikhoza kukuwonjezerani mawanga amene mukufuna kuchotsa.

Sopo ndi chinkhupule

Ambiri tinakula tikumva kuti kuyera n'kukwecha. Kusamba tsiku ndi tsiku n'kofunika, koma kukwecha nkhope ndi chinkhupule kapena kansalu kokhakhala sikuchotsa ziphuphu ndipo sikuwalitsa khungu. Kumangochotsa mafuta achilengedwe aja. Sopo wochapira zovala ndi wamphamvu kwambiri, chifukwa anapangidwa kuti azisungunula mafuta pa nsalu. Ngati m'nyumba muli sopo mmodzi yekha, gwiritsani ntchito pang'ono, makamaka m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumapazi, ndipo mutsukuluze bwino. Kumaso kumangofuna manja anu, madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosambira wofewa, m'mawa ndi madzulo basi. Madzi otentha kwambiri amaumitsa khungu, ngakhale kuti mu Juni ndi Julayi amakoma.

Sopo amene amati ndi wopha majeremusi safunikira tsiku lililonse kwa munthu amene alibe vuto la pakhungu. Chimodzimodzi kuthira Dettol m'madzi osamba: kwa anthu ambiri, makamaka ana, kumabweretsa kuyabwa. Ndipo musalowetse sopo kapena mankhwala alionse m'njira ya amayi. Malo amenewo amadziyeretsa okha. Kutsuka kunja ndi madzi n'kokwanira.

Vaseline ndi glycerine: izi zimagwiradi ntchito

Nkhani yabwino ndi yakuti zodzola zotsika mtengo zimene tazizolowera ndi zina mwa zothandiza kwambiri. Vaseline anayamba kugulitsidwa ku America m'zaka za m'ma 1870, ndipo mpaka lero madokotala a khungu amamulimbikitsa. Iye salowetsa madzi m'khungu, koma amatseka pamwamba kuti madzi amene alimo asathawe. Glycerine amagwira ntchito ina: amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Chinsinsi chili pa nthawi yodzola. Mukangotuluka m'bafa, dzipukuteni pang'ono ndipo dzolani khungu likadali lonyowa. Mukadikira mpaka litauma mbuu, mafutawo amangonyezimira pamwamba. Glycerine yekhayekha amamata, choncho msakanizeni ndi madzi pang'ono m'dzanja kapena ndi mafuta ena odzola.

Pa mang'a a kumapazi, viikani mapazi m'madzi ofunda kwa mphindi 10, tsukani pang'ono ndi mwala wosalala, pakani Vaseline wambiri, ndipo muvale sokosi pogona. Musadule chikopa cholimbacho ndi lezala. Amene muli ndi matenda a shuga musakweche mapazi n'komwe, chifukwa kabala kakang'ono kakhoza kusanduka chilonda chosapola.

Mafuta a nsatsi, a mtedza ndi a mpendadzuwa amene agogo athu ankadzola nawonso amafewetsa khungu. Chenjezo n'lakuti mafuta olemera, kuphatikizapo a m'tsitsi akatsikira pamphumi, amawonjezera ziphuphu kwa amene nkhope yawo ndi ya mafuta kale. Dziwaninso kuti Vaseline sateteza ku dzuwa, ndipo sapakidwa pamene munthu wangopsa kumene.

Zochokera kukhitchini

Ndimu. Madzi a ndimu ndi asidi wamphamvu kuposa amene khungu lingapirire. Komanso m'zipatso za mtundu umenewu, makamaka m'makoko, muli zinthu zimene zikakumana ndi dzuwa zimaotcha khungu, n'kusiya mabanga akuda amene amatha miyezi. Ndimu ndi wabwino m'tiyi ndi pa nsomba, osati kumaso.

Mankhwala otsukira mano. Amaumitsa chiphuphu pamwamba, ndiye munthu amaona ngati chaphwa. Koma amaotchanso khungu lozungulira, ndipo m'malo mwa chiphuphu chimene chikanatha pa sabata imodzi, mumatsala ndi banga la miyezi ingapo.

Adyo ndi soda. Adyo wosinja akakhalitsa pakhungu amatulutsa matuza ngati moto. Soda amawononga kagawo koteteza kaja. Shuga kapena mchere wokwechera kumaso amasiya timabala tosaoneka ndi maso.

Uchi, mapeyala ndi alovera. Izi nthawi zambiri sizivulaza. Zimafewetsa ndi kuziziritsa khungu kwa kanthawi, koma sizichotsa mawanga kapena makwinya. Yesani kaye pang'ono pamkono ndipo dikirani tsiku limodzi, chifukwa matupi ena sagwirizana nazo. Kunena zoona, peyala limathandiza khungu kwambiri mukalidya kusiyana ndi kulipaka.

Pamene munthu wapsa ndi moto, phala kapena madzi otentha, musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena ufa. Thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani kuchipatala. Mphindi 20 zimenezi zimachepetsa kuzama kwa bala ndi kukula kwa chipsera.

Ziphuphu

Ziphuphu sizibwera chifukwa cha uve kapena magazi oipa. Timabowo ta pakhungu timatsekeka ndi mafuta pamodzi ndi maselo akufa, kenaka tizirombo timaswana m'katimo. Mafutawo amachuluka chifukwa cha kusintha kwa m'thupi, n'chifukwa chake ziphuphu zimavuta achinyamata, amayi amene atsala pang'ono kusamba, ndi ena oyembekezera. Anthu ambiri amanamizira mtedza, koma palibe umboni wogwira mtima woti mtedza ndiwo umayambitsa ziphuphu. Musamane mwana chakudya chomanga thupi chifukwa cha mphekesera imeneyi.

Chothandiza ndi ichi: musafinye, sambani kumaso kawiri pa tsiku mofatsa, chapani pilo ndi duku kawirikawiri, ndipo chotsani zopakapaka zonse musanagone. Ku famase kuli mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide amene amathandizadi, koma amafuna masabata 6 mpaka 8. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka zimafuna kuonedwa kuchipatala zisanasiye maenje kumaso. Amene muli ndi ana aakazi a msinkhu wa kusekondale, athandizeni msanga, chifukwa atsikana ambiri amayamba mafuta oyeretsa pofuna kuchotsa mawanga a ziphuphu.

Mafuta oyeretsa khungu

Apa ndiye pagona nkhani. Amene tinakula m'masiku a Ambi tikudziwa kuti vutoli si lachilendo. Chasintha n'chakuti masiku ano mafutawa ali paliponse, ndipo ena amachita kusakanizidwa m'nyumba za anthu n'kuikidwa m'mabotolo opanda chizindikiro. Kodi amayeretsadi? Inde, amayeretsa, ndipo msampha wake uli pomwepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'mafuta ambiri otere mumapezeka chimodzi kapena zingapo mwa zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi hydroquinone. Amaletsa khungu kupanga melanin. Madokotala amamugwiritsa ntchito pa banga limodzi kwa miyezi yochepa, akuyang'anira. Koma munthu akamadzola nkhope yonse kwa zaka, uku akuyenda padzuwa, khungu limayamba kuda kuposa kale, makamaka m'masaya ndi pamphumi, ndipo limachita timatotomole ngati lawazidwa mwaye. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975 ataliona mwa amayi ambiri odzola mafutawa, ndipo mu 1990 dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Kuda kwa mtundu umenewu n'kovuta kwambiri kuchiza. Choipa china n'chakuti mayi akaona kuti wayamba kuda, amawonjezera mafuta omwewo.

Chachiwiri ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, olembedwa ndi dokotala pa matenda ena a khungu kwa masiku owerengeka. Kuyera ndi vuto lobwera nawo, si ntchito yake. Akadzoledwa miyezi yambiri, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, pamabwera mizere yotambalala m'mikono ndi m'ntchafu imene siifufutika, ziphuphu zimachuluka, ndipo zipere ndi mphere zimafalikira chifukwa chitetezo cha khungu chafooka. Bala limachedwa kupola, kuphatikizapo la opaleshoni. Mankhwalawa amalowanso m'magazi, ndipo akhoza kubweretsa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga.

Chachitatu, choopsa koposa, ndi mercury. Pa botolo akhoza kulembedwa kuti mercury, calomel kapena mercurous chloride, koma nthawi zambiri salembedwa n'komwe. Amawononga impso, ndipo munthu amayamba kutupa mapazi ndi nkhope, mkodzo kumachita thovu. Amawononganso mitsempha ya muubongo: manja kunjenjemera, kuiwalaiwala, kusowa tulo, kukwiya msanga. Savulaza wodzola yekha ayi. Amatsala pa thaulo, pa zofunda ndi m'manja, ndiye amafika kwa bambo ndi ana. Kwa mayi woyembekezera amadutsa mpaka kwa mwana m'mimba, ndipo amapezekanso mu mkaka wa m'mawere. Kuopsa kwa mercury kunadziwika kwambiri mu 1956 m'tauni ya Minamata ku Japan, kumene anthu anapuwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. Pangano la maiko lochepetsa mercury, limene linasainidwa mu 2013, linatenga dzina la tauni imeneyi, ndipo limakhudzanso sopo ndi mafuta oyeretsa khungu. Maiko monga Côte d'Ivoire ndi Rwanda anachita kuletsa mafuta oopsawa m'misika yawo.

Masiku ano kwabweranso mapiritsi ndi majakisoni oyeretsa otchedwa glutathione. Palibe umboni wokwanira woti jakisoniyo ndi wotetezeka, ndipo kubayitsa m'nyumba ya munthu kapena ku saluni kumaika moyo pa chiswe.

Nanga amene munayamba kale mutani? Musachite manyazi, ndipo musataye mtima. Nyamulani botolo kapena chubu chimene mumadzola, pitani nacho kuchipatala, mukanene zoona za nthawi imene mwakhala mukudzola. Mafuta a mercury ndi a hydroquinone amasiyidwa nthawi yomweyo. Koma ngati mwadzola steroid wamphamvu thupi lonse kwa miyezi yambiri, kusiya mwadzidzidzi kukhoza kukudwalitsani, choncho achipatala amakuthandizani kuchepetsa pang'onopang'ono. Dziwiranitu kuti masabata oyamba nkhope imayabwa, imatuluka totupa ndipo imada. Ambiri amabwerera ku mafuta aja pa nthawi imeneyi. Pirirani, dzolani mafuta wamba ofewetsa, valani chipewa kapena nyamulani ambulera, ndipo pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mkodzo.

Khungu la mayi woyembekezera

Pa nthawi ya pakati, amayi ambiri amachita mabanga akuda m'masaya, pamphumi ndi pamwamba pa mlomo. Mzere wakuda umatsika pamimba, ndipo nsonga za mawere zimada. Si matenda, ndipo sizikusonyeza ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi. Kwa ambiri zimazilala zokha pakapita miyezi mwana atabadwa. Dzuwa ndilo limazikulitsa, choncho chipewa chimathandiza kuposa chodzola chilichonse. Mapiritsi olerera nawonso amabweretsa mabangawa kwa amayi ena. Zikatero kambiranani ndi anamwino za njira ina, osangosiya kulera.

Mizere ya pamimba imabwera chifukwa khungu latambasuka mofulumira, ndipo kawirikawiri imayenda m'banja. Mafuta a cocoa butter ndi a olive anayesedwa pa amayi oyembekezera ndipo sanaletse mizereyi kubwera. Kudzola kumachepetsa kuyabwa, ndiye Vaseline wamba akukwanira. Musawononge ndalama ya zokonzekera mwana pa botolo lodula. Pakapita nthawi mizereyo imazilala yokha.

Mukakhala ndi pakati kapena mukuyamwitsa, siyani mafuta onse oyeretsa, ndipo musamwe kapena kupaka mankhwala a ziphuphu musanafunse. Ena, monga isotretinoin, amapundula mwana m'mimba. Kuyabwa kwambiri m'zikhatho ndi kumapazi m'miyezi yomaliza, popanda totupa, kukhoza kukhala vuto la chiwindi. Kanene ku sikelo msanga.

Chakudya, madzi ndi dzuwa

Mumamva kuti kumwa madzi ambiri kumasalalitsa khungu. Madzi ndi ofunika ku thupi lonse, koma ngati mumamwa kale okwanira, kuwonjezera sikuchotsa kutuwa. Chakudya ndicho chimaonekera pakhungu. Pali matenda otchedwa pelagra, amene amagwira anthu odya nsima ya chimanga popanda ndiwo zokwanira. Khungu limada n'kumasupuka m'malo owombedwa ndi dzuwa, monga m'khosi, kunja kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, ndipo munthu amatsegula m'mimba, mwinanso kusokonezeka maganizo. Matendawa anavuta kwambiri pakati pa anthu othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'misasa kuno ku Malawi cha m'ma 1989 ndi 1990, pamene mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira. Palibe mafuta odzola amene angachize pelagra. Mankhwala ake ali kuchipatala, ndipo kupewa kwake kuli m'mbale: mtedza, nyemba, nandolo, usipa, mazira, masamba otendera ndi zipatso.

Dzuwa limaotcha kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana. Kwa ambiri a ife chipewa, ambulera ndi mthunzi zimachepetsa mawanga. Koma kwa abale athu achialubino iyi ndi nkhani ya moyo, chifukwa khungu lawo lilibe melanin wokwanira ndipo khansa ya pakhungu imawagwira akadali achinyamata. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'dziko muno. Amafunika chipewa cha mlomo waukulu, zovala za manja aatali, ndi mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, opakidwa kangapo pa tsiku. Ngati m'mudzi mwanu muli mwana wotere, limbikitsani makolo ake kukafunsa mafutawa kuchipatala cha boma ndi kukaonetsa kachilonda kalikonse kosapola.

Pamene chodzola sichingathandize

Mavuto ena a pakhungu si a kukongola, ndi matenda. Pitani kuchipatala mukaona izi: banga lotuwa limene silimva kukhudza, chifukwa likhoza kukhala khate, limene limachizika ndipo mankhwala ake ndi aulere, mabanga akuda kapena ofiirira otukuka m'miyendo kapena m'kamwa, banga lakuda kuphazi kapena pansi pa chikhadabo limene likukula, chilonda chimene chatha mwezi osapola, matuza opweteka a mbali imodzi ya thupi, amene timati mashingozi, kuyabwa usiku kumene kwagwira banja lonse, pakuti mphere zimafuna kuti onse a m'nyumba alandire mankhwala tsiku limodzi, ndi zipere za m'mutu mwa mwana, zimene zimafuna mapiritsi, osati zopaka zokha. Kupaka mafuta a steroid pa chipere kumachepetsa kuyabwa kwa masiku ochepa, koma chiperecho chimakula mobisika.

Musanagule, funsani mafunso anayi

Kodi pa botolo palembedwa zimene zili m'katimo, dzina la opanga ndi tsiku lotha ntchito? Kodi pali mawu akuti hydroquinone, clobetasol, betamethasone, mercury kapena calomel? Kodi wogulitsa akulonjeza kusintha kwa masiku ochepa? Kodi ndingalole mwana wanga wamkazi kudzola chimenechi? Safunsa anadya phula.

Pa msonkhano wanu wotsatira wa amayi, bwanji aliyense abweretse zimene amadzola, muwerenge pamodzi zolembedwa pa mabotolo, ndipo muitane namwino wa pachipatala chapafupi kuti adzakuthandizeni? Pokambiranapo pasakhale kusekana kapena kulozana zala, chifukwa ambiri anayamba mafutawa atanyozedwa ndi mwamuna, apongozi kapena anzawo. Samalaninso mawu amene timalankhula pamaso pa ana. Tikamati mwana woyera ndiye wokongola, wakudayo amamva, ndipo akadzakula adzapita yekha kukagula botolo lija. Muuzeni lero kuti khungu lake ndi labwino, mumupatse sopo wofewa, Vaseline ndi chipewa, ndipo mumuphunzitse kuwerenga zolembedwa pa botolo asanatulutse ndalama.